NYUMBA PAKATI PA ENI: MWANA WA KU KASUNGU KU LONDON, NDI ALENDO PA CHIDIKHA CHA FODYA

Mau akuti "kugula nyumba" ndi achilendo m'chinenero cha Achewa. Makolo ankagula mchere, nsalu, makasu, mfuti ndi wonga, ndipo pa masiku oipa aja ankagulanso anthu. Koma nyumba sankagula, pakuti panalibe woigulitsa. Wofuna nyumba ankapempha malo kwa mwini mudzi, nadula mitengo ndi phaso kuthengo, akazi namweta udzu nafulula mowa, ndipo abale ndi anansi ankabwera kudzathandiza kuimika, kumata ndi kufolera. Mwini wake akamwalira, m'midzi yambiri nyumbayo inkagwetsedwa mwambo wa maliro utatha; mudzi ukasamuka, nyumba zonse zinkatsala pa bwinja kuti chiswe chidye. Chinthu cha mtengo sichinali zipupa iai, koma chilolezo chokhala pakati pa anthu amenewo, ndipo chilolezocho chinkachokera ku ubale, ku ukwati, kapena ku mau a mfumu.

Nkhani ino itsata munthu mmodzi wa ku Kasungu amene anachoka m'mudzi wotere nakagula nyumba ya njerwa pakati pa mitundu yambiri ya anthu mu London; kenaka ibwerera naye ku chidikha chimene anabadwirako, kumene alendo zikwizikwi anadza kudzalima fodya, osapeza pomanga nyumba yotchedwa yao. Funso lake ndi limodzi: kodi mlendo amasanduka liti mwini nyumba, nanga womsandutsa ndani?

Munthu asayese kuti Kasungu wakale anali dziko la mtundu umodzi wokha. Njira yaikulu ya malonda yochokera kwa Jumbe ku Nkhotakota kunka ku Luangwa inkadzera pomwepo, ndipo Mwase Kasungu anakula mphamvu chifukwa cha minyanga ya njovu imene ankasinthanitsa ndi nsalu ndi mfuti. Othawa nkhondo za Angoni ankasonkhana m'tsinde mwa phiri la Kasungu kufuna chitetezo. Amalonda achiswahili ndi Abisa ankagona m'midzi yake. Chakumpoto kunali Atumbuka. David Livingstone naye anafika kwa Mwase mu 1863. Tsono alendo analipo ambiri, ndipo mwambo unali nayo njira yowalandirira. Mlendo ankaperekezedwa kwa mfumu ndi munthu womdziwa, napatsidwa pomanga ndi polima. Akulu ankati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mame ena sankakamuka iai. Mwamuna wobwera akakwatira m'mudzimo, iye mwini ankakhalabe mkamwini mpaka imvi, koma ana ake anali a mbumba ya amai ao, eni nthaka enieni, ndipo panalibe wowatcha obwera. Chotero chilendo chinkatha pa mbadwo umodzi.

Ngakhale mau akuti "mzinda", amene lero amanena Lilongwe kapena London, kale ankanena china: mudzi wa mfumu imene inapatsidwa ufulu wovinira anamwali ndi wokhala ndi dambwe la Nyau. Mzinda unali malo a eni mwambo, kumene wosavinidwa ankayenda mochenjera. Nchodabwitsa kuti mau omwewo ndiwo anadzatengedwa kutchulira malo amene aliyense ali mlendo.

Kumapeto kwa chaka cha 1895 asilikali a boma la Angerezi anathira nkhondo Mwase. Mfumuyo inadzipha posafuna kugwidwa, ndipo pamalopo panamangidwa linga lotchedwa Fort Alston. Pambuyo pa mfuti panadza msonkho wa nyumba, umene pa zaka zoyambazo unali mashiling'i 3 pa chaka. Apa mpamene nyumba ya Mchewa inayamba kuwerengedwa ndi ndalama: osati zoigulira, koma zoilipirira kwa boma kuti isatenthedwe. Kasungu anali kutali ndi njanji ndi misika ya ku Blantyre, ndipo wogula chimanga kapena mawere ndi ndalama anali wosowa. Chotero amuna anayamba ulendo wapansi wa ku Halale ndi ku Joni, ena polembedwa ndi Wenela, ena pa selefu. Ambiri anabwerako ndi njinga, majekete ndi makina osokera. Ena sanabwereko konse, ndipo chinenero chinawapezera dzina lakuti matchona.

Kuchokera ku Chilanga kufika ku Tyne

Mmodzi wa anyamata oyenda njira imeneyi anali Kamuzu Banda. Chaka chake chobadwa boma linkati ndi 1906, koma ofufuza ambiri amachiika cha m'ma 1898. Anaphunzira pa sukulu za mishoni ya Livingstonia ku Mtunthama ndi ku Chilanga, ndipo anali pa njira ya uphunzitsi. Philip Short, amene anatulutsa buku la mbiri yake mu 1974, akusimba kuti pa mayeso ena mu 1915 mnyamatayo, pokhala wamfupi, anaimirira kuti aone bwino bolodi. Woyang'anira mayeso, Rev. T. Cullen Young, anayesa kuti ali kuonera za mnzake, namtulutsa. Wophunzira uphunzitsi aliyense aikumbukire nkhaniyi tsiku limene adzayang'anire mayeso. Pasanapite nthawi Kamuzu ananyamuka wapansi. Anagwira ntchito pa chipatala cha ku Hartley, kumene lero ndi Chegutu. Kenaka pamodzi ndi atsibweni ake, a Hanock Msokera Phiri, anatsikira ku migodi ya malasha ya ku Dundee m'dziko la Natal, nafika potsiriza pa mgodi wa Witwatersrand Deep pafupi ndi Boksburg, kumene anakhala kalaliki ndi womasulira zinenero.

Malo oyamba amene munthu wa ku Nyasaland ankakumana ndi mitundu yambiri anali komboni ya pa mgodi. M'menemo munali Ashangani, Asutu, Azulu, Axhosa ndi Anyasa, amuna okhaokha, ogonekedwa mtundu ndi mtundu pa makama a simenti, mpanda utazinga ponseponse ndi apolisi a kampani pa chipata. Munthu ankakhalamo pa mphamvu ya chitupa chake. Ntchito ikatha, pogona pathanso. Mau akuti komboni anachokera ku Chingerezi, ndipo ku Lusaka atsala mpaka lero ngati dzina la malo othithikana a anthu osauka.

Koma chakumadzulo kwa Johannesburg kunali malo a mtundu wina. Mu 1897 Herman Tobiansky anagula gawo la munda wa Waterval, nalitcha Sophiatown potsata dzina la mkazi wake, nayamba kugulitsa mapuloti kwa Azungu. Khonsolo itamanga malo otayirako zonyansa za m'zimbudzi pafupi pomwepo, Azungu anazemba, ndipo mapuloti anagulitsidwa kwa aliyense wokhala ndi ndalama. Umo ndimo anthu akuda anapezera chinthu chosowa zedi m'dziko limenelo, ndicho chikalata cha umwini wa nthaka pafupi ndi pakati pa mzinda. Azulu, Asutu, Atswana, Makaladi, Amwenye ndi Matchaina ankakhala msewu umodzi. Ambiri ankagula ndi ngongole, ndipo pofuna kuibweza ankamanga tizipinda ta malata kuseri kwa nyumba nkumachititsa lendi, kotero kuti bwalo limodzi linkakhala ndi mabanja ambirimbiri pa mpopi umodzi. Kunali uve, zigawenga ndi mowa wobisa. Kunalinso masukulu, matchalitchi, oimba, olemba nkhani a magazini ya Drum, ndi dokotala wakuda, Dr. A. B. Xuma, amene anamanga nyumba yao yokongola mu Toby Street. Dzina limeneli lisungidwe, pakuti libweranso.

Mu 1925 mpingo wa A.M.E. unathandiza Kamuzu kuoloka nyanja kunka ku Amereka. Za maphunziro ake ku Wilberforce, Indiana, Chicago ndi Meharry, kumene anatsiriza udokotala mu 1937, zalembedwa kwambiri kwina. Koma ophunzira zinenero adziwe kuti ali ku Chicago ndiye amene anali mwini chinenero wothandiza Mark Hanna Watkins, kotero kuti buku la Watkins la malamulo a Chichewa, losindikizidwa mu 1937, linaima pa kalankhulidwe ka ku Kasungu. Mu Chicago yemweyo eni nyumba achizungu ankasainirana mapangano oletsa kugulitsa nyumba kwa munthu wakuda, ndipo makhoti ankawalemekeza mapanganowo kufikira 1948.

Kuyambira apa ayenera kutchedwa Dr. Banda. Atalandira makalata ena a udokotala ku Edinburgh mu 1941 anafuna kubwerera kwao, koma mishoni ndi boma la Nyasaland anaika zopinga zokhudza khungu lao, ndipo anatsalira ku Mangalande. Anayamba ntchito ku Liverpool, doko lokhala ndi mabanja a anthu akuda kuyambira kalekale, kumene zimasimbidwa kuti osauka ankawachiritsa osalipiritsa. Nkhondo iri mkati anasamukira ku North Shields, pa mtsinje wa Tyne, nathandiza amalinyero a khungu lakuda. Patsidya pake, ku South Shields, kunali kale mudzi wa amalinyero achiluya ochokera ku Yemen. Mu 1945, nkhondo itatha, anatsikira ku London.

Harlesden ndi Brondesbury Park

Dera limene anasankha linali Harlesden, chakumpoto chakumadzulo kwa mzindawo, m'boma la Willesden. Sanali malo a anthu olemera. Kunali mphambano yaikulu ya njanji ya Willesden Junction, fakitale ya mabisiketi ya McVitie, ndi mafakitale ambiri a ku Park Royal. Nyumba zake zinali za njerwa, zolumikizana khoma ndi khoma msewu wonse, zina zitaphwanyidwa ndi mabomba a Ajeremani. Anthu ake analinso obwera ambiri. Panali Airishi amene anadza kudzakumba misewu ndi kumanga nyumba. Panali a ku Wales othawa ulova wa m'ma 1930. Panali Ayuda, ena okhalitsa, ena othawa Hitler. Mwana wa ku Kasungu anali mlendo woonekera patali kuposa onsewo, koma sanali mlendo yekha.

Poyamba anagona m'nyumba ya eni, monga amachitira wobwera aliyense. Kenaka anagula nyumba yaoyao mu Aylestone Avenue, ku Brondesbury Park. Choonadi chinenedwe: Brondesbury Park si Harlesden. Ndi mbali ya boma lomwelo la Willesden kumene kuli nyumba zazikulu ndi mitengo m'mbali mwa misewu. Odwala anali m'misewu yothithikana, dokotala ankagona kumene kuli bata, mtunda wochepa kuchokera pamenepo. Umu ndimo ankachitira madokotala achingerezi, ndipo Dr. Banda, ndi suti yao yakuda, chipewa ndi ambulera, anali kuchita zonse monga dokotala wachingerezi.

Kagulidwe ka nyumba m'dziko limenelo kayenera kufotokozedwa, pakuti nkosiyana kotheratu ndi kupempha malo kwa mfumu. Munthu wamba ankapereka gawo la mtengo ndi ndalama zake, zotsalazo nabwereka ku bungwe lotchedwa building society, kumene anthu amasungitsa ndalama kuti anzao abwereke zogulira nyumba. Ngongoleyo inkabwezedwa mwezi ndi mwezi pamodzi ndi chiongoladzanja kwa zaka 20 kapena kuposerapo, ndipo chikole chake chinali nyumba yomweyo: wolephera kubweza ankalandidwa. Loya ankafufuza ngati wogulitsa alidi mwini wake, nalemba dzina la wogula pa chikalata. Panalibe wofunsa mfunda wa munthu, kapena kumene kuli manda a agogo ake. Chikalata chinatenga malo a mfumu, ndipo malipiro a pa mwezi anatenga malo a nkhoswe.

Komabe munthu angalakwe atati anansi analibe kanthu pa nkhaniyi. Dokotala wa ku Mangalande ankalipidwa molingana ndi chiwerengero cha anthu amene alembetsa maina ao kwa iye. Dongosolo limeneli linalipo kale kwa anthu apantchito, ndipo mu July 1948, National Health Service itayamba, linafalikira kwa onse. Aliyense anali ndi ufulu wosankha dokotala amene afuna. Anthu zikwi zingapo, ambiri a iwo Azungu, anasankha Dr. Banda, zimasimbidwanso kuti akamalowa m'chipinda chodikirira, odwala ankaimirira. Tsono ndalama zosungira nyumba ya mu Aylestone Avenue zinkachokera ku chikhulupiriro cha amai achiirishi ndi antchito a pa njanji. Chilolezo cha eni mudzi chinalipo ndithu, koma chinkafika chitasandulika mapaundi.

Nyumba yogula inawapatsa chinthu chimene wokhala pa lendi alibe. Wa lendi sangadzaze chipinda cha eni ndi alendo okamba zotsutsa boma usiku wonse. Mwini nyumba angathe. Nyumbayo inasanduka bwalo la ophunzira ndi andale a ku Afirika. Dr. Banda anali oimira Nyasaland African Congress ku London, anadziwana ndi Kwame Nkrumah ndi Jomo Kenyatta, ndipo mu 1949 analemba pamodzi ndi Harry Nkumbula wa ku Northern Rhodesia chikalata chokana Chitaganya. Nthumwi za Congress ndi mafumu opita ku London kukakana Chitaganyacho ankadalira iwo pa uphungu ndi pa thumba. Nkhondo yoteteza nthaka ya makolo, imene sigulitsidwa, inali kukonzedwa m'nyumba yogula ndi ndalama.

Koma kupambana kwa munthu mmodzi kusanamize wina kuti khomo la London linali lotsegukira onse. Akulu amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo Dr. Banda anabwera nako pa nthawi imene madokotala anali ofunika kwambiri. Mu June 1948 chombo cha Empire Windrush chinatsitsa pa Tilbury anthu mazana angapo ochokera ku Jamaica ndi zisumbu zina, ndipo pa zaka zotsatira anadza ena zikwizikwi, ambiri nakhazikika ku Harlesden komweko. Awa anali akalipentala, anamwino, oyendetsa mabasi. Pa mazenera a nyumba za lendi ankapeza timapepala tokana anthu akuda, ndipo owalola ankawaunjika m'zipinda zachinyontho pa mtengo wokwera. Obwereketsa ndalama ambiri ankawakaikira. Chimene chinawapulumutsa ndi mwambo umene anabwera nao kuchokera kwao, wotchedwa pardner, umene uli chimodzimodzi chipereganyu cha kuno: anthu khumi kapena makumi awiri amasonkha sabata iriyonse, mmodzi natenga zonse, kufikira onse atalandira. Ndi ndalama zotere ankagula nyumba zakale, nachititsa lendi zipinda kwa anzao ongofika, monga momwe ankachitira a ku Sophiatown. Kumapeto kwa August 1958 anyamata achizungu anaukira nyumba za anthu akuda ku Notting Hill, pafupi ndi Willesden. Ndipo lamulo loletsa kukaniza munthu nyumba chifukwa cha khungu lake linadza mochedwa, mu 1968.

Dr. Banda sanazione zimenezi ali pomwepo. Mu 1953, chaka chimene Chitaganya chinakhazikitsidwa, anachoka ku London nakakhala ku Kumasi m'dziko la Gold Coast. Anachoka ndi miyendo yao. Panalibe wapolisi wowatulutsa. Dokotala mnzao wa mu Toby Street, amenenso anaphunzira ku Amereka, sizinawayendere choncho. Boma la tsankho la South Africa linapanga lamulo mu 1954 losamutsa anthu akuda a kumadzulo kwa Johannesburg, ndipo m'mamawa wa pa 9 February 1955 apolisi 2,000 analowa mu Sophiatown ndi malole, nayamba kututa mabanja kunka nao ku Meadowlands. Bambo Trevor Huddleston ndi atsogoleri a A.N.C. anakana kolimba, koma sizinathandize. Nyumba zinagumulidwa, malowo napatsidwa Azungu ndi dzina latsopano lakuti Triomf, ndipo dzina lakale linabwezedwa mu 2006. Dr. Xuma anasamukira ku Dube, mu Soweto. Nyumba yao ndi imodzi mwa zowerengeka zimene zinatsala chiriri. Chikalata chao chinalibe banga. Chimene chinasintha ndi maganizo a boma losunga zikalata.

Alendo pa chidikha

Dr. Banda anatera pa Chileka pa 6 July 1958, ndipo pa 6 July 1964 dziko linalandira ufulu iwo ali mtsogoleri. Tsopano munthu amene anakhala mlendo zaka zoposa 40 ndiye anali wogawa malo. Lamulo la nthaka la 1965 linagawa dziko patatu: nthaka ya boma, nthaka ya munthu payekha, ndi nthaka ya makolo, ndipo linapatsa nduna mphamvu yodula nthaka ya makolo ndi kuipereka pa lizi. Lizi ikatha, malowo sankabwerera kwa mfumu koma ankakhala a boma. Chaka chomwecho Azungu a ku Rhodesia anadzilengeza okha ufulu, maiko nakana kugula fodya wao, ndipo msika unatsegukira Malawi. Lamulo lina linkaletsa mlimi wa m'mudzi kulima fodya wa bale ndi wa fuluu. Mitundu iwiri ya ndalamayi inali ya maesiteti. Mabanki anauzidwa kubwereketsa, ndipo nduna, akuluakulu a chipani ndi a m'boma analimbikitsidwa kutsegula minda. Mu 1970 maesiteti m'dziko lonse sankafika 300; pofika 1989 anali oposa 14,000. Chidikha cha Kasungu, chokhala ndi nthaka ya mchenga yoyanja fodya ndi mitengo yambiri yowotchera m'mabalani, chinatenga gawo lalikulu. Kumeneko kunali minda ya Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, ya General Farming, ya Press Farming, ndi ya Chamwavi, ya Dr. Banda eni ake.

Fodya amafuna manja ambiri, ndipo manjawo anachokera kumene nthaka inali itachepa: ku Mulanje, Thyolo, Phalombe, Zomba, Machinga ndi Mangochi, maboma amene agogo ambiri ankakumbukirabe thangata. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa pa Francistown nipha Amalawi 74. Boma linatseka ulendo wa ku Joni, ndipo amuna oposa 100,000 anabwerera kwao, ambiri opanda ntchito. Mvula isanagwe malole ankapita kumwera kukatenga mabanja athunthu. Chotero pa mizere ya tinyumba ta pa esiteti panakumana Alomwe, Ayao, Amang'anja, Asena, Angoni ndi Atumbuka. Msilamu ndi wa Katolika ankatunga pa chitsime chimodzi, ndipo ana ao ankasewera m'Chichewa chosakaniza cha kumwera ndi cha pakati. Pa kuchuluka kwa mitundu, esiteti yaikulu ya ku Kasungu sinkachepera msewu wa ku Harlesden.

Kusiyana kwake kunali pa nyumba. Tenanti ankapatsidwa ndime yolima fodya, feteleza, makasu ndi phoso la chimanga, zonsezo pa ngongole. Iye, mkazi wake ndi ana ankasamala nazale, kuokera, kupalira, kuthyola, kusoka ndi kupachika m'zigafa. Fodya ankamgulitsa kwa bwana yekhayo pa mtengo woikidwa ndi ena, ndipo ngongole ikachotsedwa ambiri ankatsala ndi zochepa, ena ndi ngongole ina pamwamba. Kanyumba kake ankamanga yekha ndi mitengo, dothi ndi udzu, monga ankamangira makolo; koma kanali pa nthaka imene sakanaipempha kwa mfumu, pakuti sinalinso ya mfumu, ndiponso sakanaigula, pakuti lizi inali ya wina ndipo ndalama analibe. Khomo lakale, la mfumu ndi ukwati, ndi khomo latsopano, la chikalata, onse awiri anali otseka. Kapitao akanena kuti chaka chamawa safunika, ankamanga mitolo. Mwana akamwalira, nthawi zambiri kunali kukagwada kwa mfumu ya mudzi woyandikana kupempha manda. Alipo amene anakwatira m'midzi yozungulira napeza malo mwa njira yakale ija. Aliponso amene anapereka ndalama yotchedwa yothokoza kwa mfumu kapena kwa mwini munda, kumene kunali kugula kovala nsalu ya mwambo, kopanda pepala loteteza wogulayo tsiku limene adzukulu a wogulitsa adzafune malo ao.

Panalinso alendo ena amene mapepala anali nao. Amwenye anali ndi masitolo pa maboma ndi pa misika ya kumidzi kuyambira masiku a atsamunda, sitolo kutsogolo, nyumba ya banja kuseri, ndipo ambiri a ana ao anabadwira momwemo nalankhula Chichewa ngati eni. Kuyambira 1970 boma linawalamula kuchoka kumidzi, ndipo pofika 1978 ankaloledwa kuchita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha, monga Blantyre, Limbe, Zomba ndi Lilongwe. Chifukwa chonenedwa chinali chakuti Amalawi akuda apeze mpata wa malonda, ndipo dandaulo limenelo silinali lopeka. Koma masitolo ambiri anangokhala otseka, makonde ake nasanduka mogona mbuzi. Lamulo la 1966 lolanda katundu linapatsanso boma mphamvu yotenga nyumba ya munthu popanda kupita kukhoti.

Mbiri yoona singabise kuti fodya wa m'maesiteti anabweretsa ndalama zakunja, misewu ndi ntchito, ndi kuti Kasungu anakula chifukwa cha iye. Kamuzu Academy inatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981, ndipo nyumba yaikulu ya Nguru-ya-Nawambe inamangidwa pafupi ndi boma. Singabisenso kuti munthu amene anadziwa bwino kuposa Mmalawi wina aliyense wa mbadwo wake kukoma kwa kutseka chitseko chakechake pakati pa eni, sanakonze njira yoti mlimi wa ku Mulanje achite chimodzimodzi pa Kasungu. M'mizinda munali Malawi Housing Corporation ndi New Building Society, zonse za 1964, zothandiza a malipiro a pa mwezi. Pa esiteti panalibe chofanana nazo.

Mphunzitsi wotumizidwa ku sukulu ya m'dera limeneli amakumana ndi mbiri yonseyi pa tsiku loyamba, potsegula kaundula. Pepala limafunsa dzina la mwana, mudzi wake, mfumu yake ndi boma lake. Mwana wobadwira pa esiteti, amene bambo ake anabadwiranso pa esiteti, amatchula mudzi wa ku Thyolo umene sanauonepo, ndipo mfumu ya mudziwo sinamvepo dzina lake. Anzake a m'kalasi amamutcha wobwera, ngakhale amatchula mitengo ndi mbalame za pa chidikha m'maina omwewo amene iwo amatchula. Pa miyezi yothyola fodya mpando wake umakhala wopanda munthu, ndipo chaka chotsatira angapezeke pa sukulu ina.

Kuyambira 1990 alimi a m'midzi analoledwa kulima fodya wa bale, ndipo maesiteti ambiri akuluakulu anayamba kufooka, ena kutsekedwa, mabanja amene anakhalapo zaka 20 natsala opanda kolowera. Dr. Banda anagonja pa chisankho cha 1994, namwalira pa 25 November 1997 m'chipatala cha ku Johannesburg, mzinda womwe uja wa komboni ndi wa Sophiatown. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lolola kulembetsa nthaka ya makolo ndi kulandira chikalata chake, koma wolembetsa ndi yekhayo amene komiti ya malo ya m'mudzi yamvomereza kuti malowo ngake. Mu 2021 lamulo la ntchito linasinthidwa, ndipo utenanti unaletsedwa: wolima fodya wa mwini ayenera kulandira malipiro monga wantchito wina aliyense. Lamulo limenelo linakonza za malipiro. Malo omangapo nyumba silinapereke.